Kugula mfuti n'chiyambi chabe: zimene wowombera amafuna akasintha kaliba

M'mayiko monga South Africa, United States ndi Australia, kumene kusaka nyama ndi kuwombera chandamale ndi masewera ololedwa ndi lamulo, alipo anthu ambiri amene sagula zipolopolo zawo zonse kusitolo. Akawombera amatola zikhokhombe zamkuwa zimene mfuti yalavula, kupita nazo kunyumba, kuzitsuka, kuziwongola ndi kuzidzazanso. Ntchitoyi, imene pa Chingerezi amaitcha reloading, imachitikira pa tebulo lolimba m'galaja kapena m'kachipinda kokiya, ndipo woichita amayeza zinthu zochepa kuposa njere ya mawere.

Chimene chimawakopa n'chosavuta kumva. Chipolopolo chathunthu chili ndi zigawo zinayi: chikhokhombe, wonga, mutu umene umauluka kukalasa chandamale, ndi kachitsulo kozungulira kokhala kutako kotchedwa primer, kamene kamathetheka moto kansonga ka mfuti kakakamenya. Zitatu mwa zigawozi zimatha pa kuwombera kamodzi. Chikhokhombe chokha ndicho chimatsala, ndipo chikasamalidwa chimagwira ntchito kangapo. Kuwonjezera apo, wodzaza yekha amatha kupanga chipolopolo chogwirizana ndi mfuti yake yeniyeniyo, osati chopangidwira mfuti zonse za mtundu umenewo.

Vuto limabwera tsiku limene munthu wotere wagula mfuti ya kaliba ina. Kaliba ndi mtundu wa chipolopolo chimene mfuti inapangidwira: kukula kwa mutu, kutalika ndi maumbidwe a chikhokhombe, ndi mphamvu imene mpope wa mfuti ungapirire. Ambiri amaganiza kuti popeza tebulo, makina ndi luso alinazo kale, chotsala ndi kungoyamba. Apa ndi pamene ndalama zosayembekezeka zimatuluka, ndipo ndi pamenenso zala ndi maso zimakhala pangozi, chifukwa chizolowezi cha kaliba yakale chimatsatira munthu ku kaliba yatsopano.

Chitsanzo chodziwika bwino m'zaka zapitazi ndi cha anthu ochoka pa .308 Winchester kupita pa 6.5 Creedmoor. Yoyambayo inatuluka mu 1952 ndipo ndi m'bale wa chipolopolo cha asilikali cha 7.62x51 NATO. Yachiwiriyo inatulutsidwa ndi kampani ya Hornady ya ku Nebraska mu 2007, kuchokera pa ntchito ya Dave Emary, katswiri wa kampaniyo, ndi Dennis DeMille, kadaulo wa mipikisano yowombera patali. Cholinga chawo chinali chipolopolo chosakankha phewa kwambiri, chosapatutsidwa msanga ndi mphepo, komanso chokwana mu mfuti zimene zinapangidwira .308. Mfundo yomalizayi ndi imene imapusitsa anthu, pakuti makaliba awiriwa amafanana mokwanira kuti munthu aiwale kusiyana kwake.

Zimene zimatsala, zimene zimasintha

Chida chachikulu pa tebulo ndi pulesi, makina achitsulo okhala ndi mkono wokoka, amene amakankhira chikhokhombe m'chikombole. Mapulesi monga Rock Chucker ya kampani ya RCBS, kapena a Lee ndi Redding, sasankha kaliba, ndipo ena amagwira ntchito mpaka kusiyira ana. Sikelo, chotsukira zikhokhombe ndi mafuta opaka nazonso zimatsala. Ngakhale kachitsulo kogwira tako la chikhokhombe pa pulesi sikafuna kusintha, chifukwa tako la .308 ndi la 6.5 Creedmoor n'lofanana, mainchesi 0.473. Magazini ambiri a .308 amalandiranso 6.5 Creedmoor.

Choyamba kugula ndi zikombole, zimene eni ake amazitcha dies. Izi ndi timipope tachitsulo cholimba tomangidwa pamwamba pa pulesi, ndipo m'kati mwake munasemedwa ndendende monga chikhokhombe cha kaliba imodzi yokha. Chikhokhombe chikawomberedwa chimatupa n'kudzaza chipinda cha mfuti. Chikombole choyamba chimachifinya kuti chibwerere pa msinkhu wake n'kuchotsa primer yakupsa. Chachiwiri chimakhazika mutu watsopano pakamwa pake. Chikhokhombe cha 6.5 Creedmoor n'chachifupi, mamilimita 48.8 pamene cha .308 ndi 51.2, ndipo phewa lake n'lopendekeka madigiri 30 pamene la chinzakecho ndi 20. Palibe njira yoti chikombole cha kaliba ina chigwire ntchito ya inzake.

Mitu nayo ndi ina. Wa .308 ndi wonenepa mamilimita 7.82, wa 6.5 Creedmoor ndi 6.71, kapena kuti mainchesi 0.264. Ndi mutu womwewo umene 6.5x55 ya ku Sweden yakhala ikugwiritsa ntchito kuyambira m'ma 1890, kotero si wachilendo pamsika. Komatu mitu imene inatchukitsa Creedmoor ndi yaitali, yosongoka, yolemera pafupifupi ma grain 140, omwe ndi magalamu 9. Mutu wautali chotere umafuna kuzungulira mofulumira kuti usapidiguke m'mlengalenga, n'chifukwa chake mizere ya m'kati mwa mpope wa mfuti zimenezi nthawi zambiri imazungulira kamodzi pa mainchesi 8 alionse. Kusongokako kumabweretsa kavuto kena: kachitsulo kokankha mutu m'chikombole chachiwiri, ngati sikanasemedwe mogwirizana nawo, kamagunda nsonga kapena kusiya chipsera chozungulira, ndipo mitu imakhala mosiyana kuya kwake. Makampani amagulitsa tizitsulo timeneti padera, ndipo ogula ambiri amatidziwa atawononga kale mitu ingapo.

Pali tinthu tina tating'ono timene palibe amene amatikumbukira ali m'sitolo: kamsomali kotsogolera chodulira zikhokhombe, burashi yotsukira mpope, kachitsulo kogwira kansalu kopukutira, ndi chotsogolera ndodo yotsukira kuti isakande pakhomo pa mpope. Tonseti timayenda ndi kukula kwa bowo. Burashi ya .308 ikakakamizidwa mu mpope wa 6.5 imatha kukakamira m'kati.

Nkhani ya primer

Apa ndi pamene 6.5 Creedmoor ili ndi msampha wakewake. Zikhokhombe za Hornady zimalandira primer yaikulu, yofanana ndi imene wowombera .308 ali nayo kale m'kabati. Koma kampani ya Lapua ya ku Finland, imene zikhokhombe zake zimatamandidwa chifukwa cha kulimba, inatulutsa za kaliba yomweyi zolandira primer yaing'ono, zokhalanso ndi kabowo kopapatiza kodutsa moto. Munthu akagula zikhokhombe zimenezi osawerenga bokosi amapeza kuti maprimer ake sakulowa, chida chake chowakhazikira chikufuna mbali ina, ndipo kamsomali kochotsera primer yakale m'chikombole n'konenepa moti kamakakamira kapena kuthyoka. Kaliba ndi imodzi, mfuti ndi imodzi, koma zida ndi ziwiri.

Kusiyana kwa maprimer sikuthera pa kukula. Alipo a mtundu wa Boxer ndi a mtundu wa Berdan, onse a m'zaka za m'ma 1860. Edward Boxer anali Mngelezi ndipo Hiram Berdan anali wa ku America, koma mbiri inachita zachilendo: Amereka anatenga njira ya Mngeleziyo, pamene mafakitale ambiri a ku Ulaya anatenga ya Mmerekayo. Chikhokhombe cha Boxer chili ndi bowo limodzi pakati, kotero primer imachotsedwa mosavuta. Cha Berdan chili ndi timabowo tiwiri m'mbali, ndipo wochikankhira m'chikombole wamba amathyola kamsomali. Owombera .308 ku South Africa amachidziwa bwino chimenechi, pakuti zikhokhombe zambiri zakale za asilikali n'za Berdan. Wosamukira ku Creedmoor vutoli amalisiya kumbuyo, ndipo mwina ndi mpumulo wokhawo umene kusinthaku kumamupatsa kwaulere.

Wonga ndi buku

Pa zonse zofunika kugula, palibe choposa wonga woyenera ndi buku lonena mlingo wake. Wonga wa mfuti zamakono suphulika monga bomba. Umapsa mofulumira kwambiri n'kutulutsa mpweya umene umakankha mutu. Mitundu yake imasiyana pa liwiro la kupsako. Kaliba yokhala ndi bowo lopapatiza ndi mutu wautali wolemera imafuna wonga wopsa pang'onopang'ono, kuti mphamvu isaunjikane nthawi imodzi mutu usanayende. Ndi chifukwa chake ambiri odzaza .308 amagwiritsa ntchito wonga monga Varget, pamene 6.5 Creedmoor inadziwika ndi H4350. Mitundu iwiriyi imagulitsidwa ndi kampani ya Hodgdon ya ku America koma imapangidwa ku Australia. Ku South Africa ambiri anazolowera wonga wa Somchem, wopangidwa pafupi ndi Somerset West, umene uli ndi manambala akeake monga S335 ndi S365, ndipo ena amagula wa Vihtavuori wa ku Finland.

Maso sangasiyanitse mitundu imeneyi modalirika. Tinjere take timaoneka mofanana, takuda kapena totuwa, ndipo kamodzi kokha munthu akathira wonga wa mfuti yaing'ono ya m'manja m'chikhokhombe cha mfuti yaikulu, mfutiyo imang'ambika m'manja mwake. Odzaza osamala amasunga chitini chimodzi chokha pa tebulo nthawi iliyonse, ndipo akamaliza amabweza wotsala m'chitini chomwecho. Wongawu ndi wosiyananso kotheratu ndi wonga wakuda wa mfuti zodzazira kukamwa, zonga za gogodela. Kuthira wamakono mu mfuti zotere n'kudzipangira maliro.

Kukula kwa mphamvu imene ikunenedwa apa kumafuna kuyerekezera. Bungwe la SAAMI, limene lakhala likuika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo ku America kuyambira 1926, linaika malire a 6.5 Creedmoor pa 62,000 psi. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pafupifupi 32 psi. Ndiye kuti m'chipinda cha mfuti, masentimita ochepa kuchokera pa tsaya la wowombera, mumakhala mphamvu yoposa ya m'tayala pafupifupi ka 2,000, ngakhale kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Ku Ulaya miyezo yotere imaikidwa ndi bungwe la CIP.

Munthu wamba alibe chida choyezera mphamvuyi kunyumba. Amene ali nacho ndi makampani opanga wonga ndi mitu, ndipo zotsatira za kuyeza kwawo amazisindikiza m'mabuku monga a Hornady, Lyman, Sierra ndi Nosler, kapena pa masamba awo a pa intaneti. Pa kaliba iliyonse, mutu uliwonse ndi wonga uliwonse, bukulo limapereka mlingo woyambira ndi mlingo wosayenera kudutsa. Apa pali chinthu chimene odzaza akale amadzidzimuka nacho: buku limene lawatumikira zaka makumi awiri likhoza kukhala lopanda tsamba la 6.5 Creedmoor, chifukwa linasindikizidwa kalibayo isanabadwe. Kubwereka manambala a .260 Remington, kaliba ya mu 1997 imene imafanana nayo mutu, si njira, pakuti zikhokhombe zake n'zosiyana kukula kwa m'kati. Kutenganso manambala kwa mlendo wa pa Facebook amene akuti mfuti yake inapirira n'kuika nkhope yako pa mawu a munthu amene sudzamuona.

Zoyezera

Wonga amayezedwa mu ma grain. Paundi imodzi ili ndi ma grain 7,000, ndipo grain imodzi ndi magalamu 0.0648. Chikhokhombe cha Creedmoor chimalandira wonga wosafika magalamu atatu, ndipo kusiyana kwa mlingo woyambira ndi womalizira ndi ma grain ochepa chabe. Sikelo ya pa tebulo lotere iyenera kuona gawo limodzi mwa magawo khumi a grain, pafupifupi mamiligalamu 6.5. Sikelo zamagetsi n'zofulumira koma zimasokonezeka ndi kamphepo ka pawindo, kutentha, ngakhale foni yoikidwa pafupi, kotero timiyala toyesera tolemera modziwika n'tofunika monga sikeloyo. Ambiri amasungabe sikelo yakale ya mtanda kuti ikhale mboni ya yamagetsiyo.

Chida chachiwiri ndi caliper, choyezera utali mpaka pa inchi 0.001, mlingo wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mkuwa ukawomberedwa ndi kufinyidwa mobwerezabwereza umatalika cha kukamwa. Chikhokhombe chikapitirira utali wololedwa, kamwa lake limakapanikizika pakhomo pa mpope n'kugwira mutu mwamphamvu, ndipo mphamvu ya m'kati imakwera ngakhale wonga uli pa mlingo wake. Kuyeza ndi kudula si ntchito yokongoletsa ayi.

Pa caliper amamangapo tizitsulo tina tiwiri, ndipo tonse timasintha ndi kaliba. Kena kamayeza pamene pali phewa la chikhokhombe. Chikombole chikamangidwa motsika kwambiri chimakankha phewalo kubwerera m'mbuyo mopitirira, ndipo pa kuwombera kulikonse mkuwa umanyutuka pafupi ndi tako mpaka tsiku lina chikhokhombe chimaduka pakati, mpweya wotentha n'kuthawira kumaso. Odziwa amangolibweza pafupifupi mainchesi 0.002, zimene sizingatheke popanda kuyeza. Kachitsulo kenako kamayeza kuya kwa mutu kuchokera pamene mutuwo umayamba kukhudza mizere ya mpope, chifukwa nsonga za mitu sizifanana ndendende. Utali wa chipolopolo chonse cha 6.5 Creedmoor, malinga ndi SAAMI, sudutsa mainchesi 2.825, koma chipinda cha mfuti iliyonse chili ndi msinkhu wakewake, ndipo mutu wokanikizidwa pa mizere umakwezanso mphamvu.

Chida chimene kale chinkaoneka ngati cha olemera okha ndi chronograph, choyezera liwiro la chipolopolo. Masiku ano zilipo zogwiritsa ntchito radar, monga LabRadar ndi Garmin Xero, zimene zimangoikidwa pambali pa mfuti. Phindu lake pa kaliba yatsopano n'lalikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Liwiro ndi mphamvu zimayendera limodzi, ndiye ngati chipolopolo chodzaza kunyumba chikuthamanga kuposa mmene buku likunenera pa mlingo womalizira, mphamvu yadutsa kale malire ngakhale chikhokhombe chikuoneka bwino. Zizindikiro zimene odzaza amayang'ana, monga primer yophwatalala, chipsera chowala kutako kwa chikhokhombe ndi chotsekera mfuti cholimba potsegula, nthawi zambiri zimaoneka mochedwa.

N'chifukwa chake njira yanzeru kwa woyamba kaliba ndi kugula kaye mabokosi awiri kapena atatu a zipolopolo za kufakitale. Zimamuthandiza kulunjikitsa galasi loonera, kudziwa liwiro limene mfuti yake imapereka ndi chipolopolo choyesedwa kale, ndipo zimamusiyira zikhokhombe zoumbika monga chipinda cha mfuti yakeyo, zimene angayezerepo phewa. Akatero amayamba pa mlingo woyambira wa m'buku n'kumakwera pang'onopang'ono, zipolopolo zochepa pa sitepe iliyonse. Kachida kozulira mitu kamafunika pa nthawi imeneyi, pakuti chipolopolo chokayikitsa sichiwomberedwa kuti aone; chimamasulidwa.

Magalasi oteteza maso amavalidwa pa tebulo pomwe, makamaka pokhazika maprimer, osati kobwalo lowomberera kokha. Kulira kwa mfuti yaikulu kumafika cha m'ma decibel 160, pamene akatswiri a zaumoyo amati phokoso ladzidzidzi loposa 140 limawononga makutu, ndipo makutu akagontha motere sabwerera. Fumbi la m'chotsukira zikhokhombe lili ndi mtovu wochokera ku maprimer, kotero si la m'khitchini kapena pamene ana amasewera.

Lamulo nalo ndi chida

Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la mu 2000 limafuna laisensi yakeyake pa mfuti iliyonse, kotero kaliba yatsopano imayamba ndi mapepala ku polisi, osati kusitolo. Lamulolo limalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yakeyo, koma limaika malire a zipolopolo 200 ndi maprimer 2,400 pa mfuti iliyonse, kupatula kwa amene anavomerezedwa ngati alenje kapena ochita masewerawa mokhazikika. Wofuna kungosintha mpope wa .308 yake kuti ikhale Creedmoor, zimene n'zotheka popeza tako n'lofanana, ayenera kupita kwa mmisiri wa mfuti wokhala ndi laisensi, chifukwa mpope pawokha umawerengedwa ngati mfuti. Ku Britain, kuyambira pa lamulo la mu 2006, primer sigulitsidwa kwa munthu wopanda chiphaso cha mfuti. Ku Malawi, kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu, ndipo zimene zili zololedwa ku Pretoria sizikhala zololedwa zikangodutsa pa Mwanza kapena pa Dedza m'chikwama.

Kodi ndalama zimapulumuka? Pa chipolopolo chimodzi, inde. Koma zikombole, zoyezera, buku ndi chronograph zimatenga zipolopolo mazanamazana kuti zibweze mtengo wake, ndipo odzaza okha amaseka kuti chimene amasunga pa chipolopolo amachimwaza powombera kawirikawiri. Wa Creedmoor ali ndi ngongole ina imene wa .308 sanaizolowere: kuwotcha wonga wochuluka m'bowo lopapatiza kumadya pakhomo pa mpope msanga, ndipo ochita mipikisano ambiri amasintha mpope ukawombera zipolopolo pakati pa 2,000 ndi 3,000, pamene wa .308 umapirira kuposa apo.

Chotsika mtengo pa zonse ndi kope ndi cholembera. Popeza mabokosi apulasitiki a .308 amakwananso Creedmoor, munthu wokhala ndi mfuti ziwirizi amakhala ndi mabokosi ofanana okhala ndi zipolopolo zofanana tako. Ngozi ya kusokoneza makaliba si nthano: chipolopolo cha .300 Blackout chimatha kulowa mu mfuti ya .223 Remington, ndipo mfuti zambiri zaphwasuka motero mutu wonenepa utakakamizidwa m'bowo laling'ono. Bokosi lililonse limafuna chizindikiro cha kaliba, mtundu ndi mlingo wa wonga, mutu, primer, utali ndi tsiku. M'kope mumalembedwanso nambala ya gulu la wonga imene ili pa chitini, chifukwa wonga wa dzina limodzi umasiyana pang'ono gulu ndi gulu. Chitini chakale chikatha n'kutsegula chatsopano, wodzaza amatsitsa mlingo, kubwerera kobwalo ndi chronograph yake, n'kuyambanso kukwera.